Mangawa a pa Tsala

Funso

M'boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning, muli malo ambiri amene khasu linaleka kugwapo. Munthu woyenda pa mseu wochokera pa Kamwendo kunka ku Kapiri, kapena wochokera pa Boma kunka ku Mkanda, amaaona malo otere. Pena ndi munda umene unatopa, mwini wache nauleka chifukwa chimanga chinkangofiira ndi kaufiti. Pena ndi mtsetse wa phiri umene mvula inakokolola nthaka yache, nisiya miyala ndi zigwembe. Penanso ndi esiteti ya fodya imene mwini wache anachokapo, ndipo patsala mabani akugwa ndi zitsa zokha-zokha. Malo otere Achewa amati tsala.

Anthu ambiri akaona tsala amangopitirira, nati, "Nthaka iyi inatha nchito." Komatu pali funso loyenera kuti akulu alilingalire pa bwalo. Kodi munthu amene wadya za m'munda zaka zambiri, nautopetsa, ali ndi ufulu wongousiya monga atayira phale ku dzala? Kapena ali ndi mangawa pa malo amenewo? Ndipo ngati mangawa alipo, abwezedwe kwa yani? Abwezedwe ndi chiani?

Chimene chinabwerekedwa

Wofuna kudziwa kukula kwa ngongole ayambe wadziwa chimene chinabwerekedwa. Khasu lisanafike, dziko la Mchinji linali nkhalango ya mitengo ya mitundu-mitundu. Pa mtunda panali mombo, mtondo ndi tsamba. Panalinso muwanga wolimba uja, mlombwa wa matabwa okongola, msuku, muula, mpoza, nthudza ndi mateme. M'mbali mwa mitsinje munali mbawa, katope ndi mkuyu, ndipo m'mphepete mwa madambo munali mthethe.

Mtengo uli wonse unali ndi nchito yache. Mombo unkapatsa luzi lomangira nyumba ndi nkhokwe. Pa mtondo amai ankatola matondo a ndiwo. Mvula ikagwa, pansi pa miombo pankamera bowa wa ndelema, manyame ndi chipindi. Ana oweta mbuzi ankakhuta masuku ndi maula pa nthawi imene nkhokwe ziri pafupi kutha. Njuchi zinkapeza maluwa pa nyengo zosiyana, pakuti mitengo yonse siichita maluwa mwezi umodzi. Asing'anga ankadziwa muzu wa mtengo uwu ndi khungwa la mtengo uwo.

Chitsanzo cha nkhalango yotere ndicho nkhalango ya Boma ya pa mapiri a Mchinji, imene inapatulidwa m'chaka cha 1924. M'mapiri a dera limeneli ndimo muchokera mtsinje wa Bua, umene umalandira madzi a Rusa ndi timitsinje tina, nukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Nsomba za mpasa zimakwera mtsinje umenewu kudzaikira mazira. Masamba ogwa m'nkhalango amaphimba nthaka ngati mphasa. Mvula ikagwa pa masambawo siithamanga, koma imalowa pansi pang'ono pang'ono, nidzatuluka pa akasupe m'chilimwe. Chotero msodzi wa ku Nkhotakota amadya nao phindu la mitengo ya ku Mchinji, ngakhale sanaione ndi maso.

Ichi ndicho chinabwerekedwa: mitengo ya mitundu yambiri, chonde cha pansi pache, ndi madzi amene inali kusunga.

M'mene ngongole inakulira

Makolo naonso ankadula mitengo pofuna munda. Koma iwo ankasiya zitsa, ndipo mitengo ya zipatso sankaigwetsa wamba. Akalima zaka zingapo, naona kuti chimanga chayamba kuchepa, ankasamukira pena. Tsala lija linkaphukanso, ndipo pofika nthawi ya adzukulu linali tchire la chonde. Motero makolo ankabwereka nabweza, osadziwa n'komwe kuti akubweza, pakuti dziko linali lalikulu ndipo anthu anali owerengeka.

Zinthu zitatu zinasintha mkhalidwe umenewu. Choyamba ndicho kuchuluka kwa anthu. Pa kalembera wa 1998 anthu a m'boma la Mchinji anali pafupi-fupi 325,000, koma pa kalembera wa 2018 anapyola 600,000. Munda umene kale unkapuma zaka zambiri unayamba kulimidwa chaka ndi chaka kufikira utatopa.

Chachiwiri ndiye fodya. Fodya wa chikopa amafuna utsi wa nkhuni. Fodya wa m'mabani amafuna moto woyaka usana ndi usiku pafupi-fupi mlungu wathunthu. Fodya wa bale safuna moto, koma amafuna zigafa, ndipo chigafa chimadya mphanda ndi mitanda yambiri. M'zaka za 1970 ndi 1980 maesiteti ambiri anatsegulidwa pa malo a lisi m'maboma a Mchinji ndi Kasungu. Pa minda ikulu-ikulu anazula ndi zitsa zomwe kuti makasu a thirakitala ayende bwino. Pangano la lisi linkafuna kuti gawo limodzi mwa magawo 10 a esiteti likhale la mitengo, koma ambiri sanalisunge. M'chaka cha 1990 alimi a m'midzi analoledwa kulima bale pa minda yao, ndipo m'zaka zotsatira maesiteti ena analephera, natsekedwa.

Chachitatu ndiwo makala ndi njerwa. Matauni akamakula amafuna makala ophikira ndi nkhuni zootchera njerwa, ndipo zonsezi zimachokera ku midzi.

Palibe chifukwa chonyozera anthu amene anachita izi. Fodya anaphunzitsa ana sukulu, anagula malata ndi njinga, nabweretsa ndalama m'dziko. Mai wophika pa makala sanalakwire munthu. Kubwereka si mlandu ai. Mlandu umayamba pamene wobwereka ayenda cham'mbali, nachita ngati waiwala.

Abwezedwe kwa yani?

Wina adzati, "Nthaka iribe pakamwa. Siingapite ku bwalo kukadandaula. Nanga munthu angakongole bwanji kwa chinthu chosalankhula?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lache liri m'mwambo wa anthu eni ache.

Pa mwambo wa Achewa munthu salenga munda. Mfumu inapereka malo kwa makolo, makolo anasiyira mbumba, ndipo wolima lero wangogwirizira malowo pa masiku a moyo wache. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ali ndi njira yao yosiyirana malo, koma naonso amadziwa kuti munda ndi wa banja. Tsono ngati munthu analandira malo ali ndi chonde, nawasiya ali gwa ngati bwalo, wadya chuma chimene anangosungitsidwa.

Eni ngongole alipo a magulu atatu. Oyamba ndiwo makolo amene anasiya malowo ali abwino. Achiwiri ndiwo anansi a kumunsi. Madzi othamanga pa tsala lopanda mtengo amakumba zigwembe m'minda ya anthu ena, amakwirira madimba ndi mchenga, ndipo m'mwezi wa Okutobala zitsime za m'dambo zimaphwa. Mai amene amalawira mbanda-kucha kukalinda madzi pa chitsime akulipira ngongole imene sanakongole. Achitatu ndiwo ana amene sanabadwe. Iwowa sangathe kudziteteza, pakuti pogawa malo ndi podula mitengo palibe amene amawafunsa. Akulu anati mlandu suola. Mlandu wa tsala udzapeza adzukulu, ndipo iwo ndiwo adzaweruza.

Pali umboni wakuti anthu a kuno amadziwa kusunga nkhalango popanda mlonda wa Boma. Umboniwo ndiwo manda. Pafupi ndi mudzi uli wonse wa Achewa pali msitu wa manda, ndipo pamene ponse pozungulira payera, m'mandamo mitengo ikulu-ikulu ya makolo ikali chiimire. Palibe mpanda wa waya, palibe chikwangwani, koma munthu sapitamo ndi nkhwangwa kukafuna nkhuni. Chimene chimasunga msituwo ndicho ulemu. Tsono ngati mudzi ungathe kusungira nkhalango akufa, amene sadya masuku kapena kumwa madzi, ungalephere bwanji kusungira ina ana amoyo ndi amene akudza?

Abwezedwe ndi chiani?

Anthu ena abvomera kuti tsala liyenera kubzalidwa mitengo, koma aganiza kuti mtengo ndi mtengo basi. Iwo amagula mbande za bulugamu, nadzaza tsala lonse m'mizere, nati ngongole yatha. Apa pafunika kulingalira bwino. Mai akabwereka kwa mnzache ufa, nyemba, nsinjiro ndi mchere, nadzabweza ufa wokha-wokha, ngakhale dengu lidzaze, kodi wabweza? Mnzache adzalandira mwaulemu, koma pofika madzulo adzasowa ndiwo.

Bulugamu si mtengo woipa. Amakula msanga, amaongoka, amapatsa milimo ya denga ndi mitengo ya zigafa, ndipo akadulidwa amaphukanso. Anapulumutsa mitengo yambiri ya m'tchire imene ikadadulidwa. Koma amamwa madzi ambiri, masamba ache amachedwa kuola, ndipo pansi pache pamamera zochepa. Mwana sapezamo chipatso, mai sapezamo matondo, womanga nkhokwe sapezamo luzi. Wobzala bulugamu yekha wabweza ufa, koma ndiwo sanabweze.

Palinso choopsya china pa kubzala mtundu umodzi, ndipo dziko la Malawi linachiona. M'chaka cha 1986 munapezeka tizirombo tonga nsabwe pa mitengo yotchedwa cypress, ija yofanana ndi mkungudza. Tizirombo timeneti tinachokera ku maiko a kutali, ndipo kuno ndiko tinayamba kuoneka m'Afrika. Tinaumitsa mitengo yambiri m'minda ya Boma ndi m'mipanda ya nyumba, tinakhudza mkungudza wa pa phiri la Mulanje, ndipo tinafalikira ku maiko ena. M'zaka za 1990 tizirombo tina tinagwira lukina, mtengo umene alangizi ankautama kuti ndi chakudya cha ng'ombe. Amene anadalira lukina yekha anagwira njakata. Ku Chikangawa, pa mapiri a Viphya, Boma linabzala paini pa mahekitala oposa 50,000 poyembekeza fakitale ya mapepala. Fakitaleyo sinamangidwe, ndipo moto wa m'chilimwe unapsereza mbali zazikulu za mundawo.

Tizirombo tambiri timasankha mtundu wa mtengo umene timadya. Tikapeza munda wa mtundu umodzi timangochoka pa mtengo uwu kunka pa unzache kufikira mzere wonse utatha. M'nkhalango yosakaniza, mtundu wina ukadwala ina imatsala. Nzeru imeneyi si yachilendo. Makolo ankabzala chimanga, nyemba, khobwe ndi maungu m'munda umodzi, kuti china chikakana china chibvomere.

Kusakaniza kumathandizanso nthaka. Mizu ya mitengo ina imayenda pamwamba, ya ina imalowa pansi kukatenga chakudya chimene mvula inatsitsa. Mthethe ndi msangu ndi abale a nyemba, ndipo amaonjezera chonde m'nthaka. Msangu uli ndi khalidwe lodabwitsa: umayoyola masamba m'dzinja pamene mitengo ina ikubiriwira, nuphukanso m'chilimwe, kotero kuti mbeu za pansi pache zimalandira manyowa ndi dzuwa lomwe.

Koma chachikulu ndi ichi. Munda wa mtengo umodzi kawiri-kawiri umakhala ndi mwini phindu mmodzi, ndiye bambo amene adzagulitsa milimo. Nkhalango yosakaniza imagawira onse. Mai amapezamo nkhuni, bowa ndi matondo. Mwana amapezamo zipatso. Mlimi wa njuchi amapachikamo ming'oma. Mzamba ndi sing'anga amapezamo mankhwala. Mmisiri wa matabwa adzapezamo mbawa ndi mlombwa. Popeza nkhalango imene inadulidwa inali kudyetsa anthu onsewa, chilungamo chimafuna kuti yobwezedwayo iwadyetsenso onse.

Mau a otsutsa

Nkhani yotere siingathe popanda kumva mbali ina, pakuti otsutsa ali ndi mau anzeru.

Woyamba ndi wosauka. Iye akuti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ana anga afuna chakudya chaka chino, ndipo mbawa sadyedwa." Munthu ameneyu akunena zoona, ndipo kumuuza kuti angodikira ndi nkhanza. Komatu kusakaniza ndiko kumamthandiza, pakuti mitengo yosiyana imapatsa pa nthawi zosiyana. Tsala likatetezedwa ku moto, chaka choyamba chomwe limapatsa udzu wofolera nyumba. Pa malo ofufuzira za ulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata kutsidya kwa malire, akatswiri anayamba kumapeto kwa zaka za 1980 kubzala jelejele ndi mitengo ina yonga iyo pa minda yotopa. Anapeza kuti pakapita zaka 2 kapena 3 chimanga chimabereka bwino pamalopo, ndipo mlimi amapezanso nkhuni. Bulugamu ndi keshya wobzalidwa ku mtunda kwa tsala amapatsa milimo pa zaka 5 kapena 6. Nsungwi zimapatsa madengu ndi malichero. Pamene banja likudya izi, mbawa ikukula mwakachete-chete ku khwawa.

Wachiwiri akuti, "Malo ndi ochepa. Tsala lirimidwe, lisasanduke tchire." Nayenso ali ndi mbali ya choonadi. Tsala la pa chidikha, limene langotopa, liyenera kutsitsimutsidwa ndi mitengo ya chonde kuti khasu libwererepo. Koma mtsetse wa phiri, mutu wa kasupe ndi gombe la mtsinje ndi malo amene khasu limaononga zambiri kuposa zimene limakolola. Malo amenewa ndiwo oyenera nkhalango. Kunena za esiteti yosiyidwa, malowo ali ndi mwini pa lamulo, ndipo kungolowapo kumabala ndeu ndi milandu. Njira yabwino ndi yakuti mfumu ndi anthu ache apite nayo nkhaniyo kwa bwanamkubwa wa boma. Koma mwini lisi adziwe kuti mangawa ache ndi akulu kuposa a onse. Iye anadula mitengo yambiri, napindula zambiri. Kusunga malo osalimapo, osabzalapo mtengo, pamene anansi akusowa pogwira, ndiko kulakwa kawiri.

Wachitatu ndi mkamwini. Iye akuti, "Ndiri pa mudzi wa eni. Ukwati ukatha ndidzachoka ndi mphasa yanga yokha. Ndibzalirenji mitengo imene idzatsalira alamu anga?" Bvuto limeneli ndi lenileni m'midzi ya chikamwini, ndipo lalepheretsa amuna ambiri kubzala. Mkamwini akumbuke kuti amene adzatsala pa malopo ndi ana ache omwe. Mtengo umene wabzala udzakhala dzina lache pa mudzi umene sanabadwire. Koma eni mbumba naonso ali ndi udindo. Mwini mbumba wanzeru amaitana nyakwawa, nanena poyera kuti mkamwini wobzala mitengo adzadya nao phindu lache, ndi kuti mitengoyo ndi ya ana a m'nyumba imeneyo. Mau onenedwa pamaso pa mboni amalimbitsa mtima wa wogwira khasu.

Wachinai ndi nkhalamba. Iyo ikuti, "Mbawa ifuna zaka 30 kapena kupyola kuti icheke matabwa. Ine sindidzaiona." Funso loyenera nkhalambayo ndi ili: chitseko cha nyumba yache, mtondo wosinjira wa mkazi wache, mthunzi wa kachere umene imakhalapo pa milandu, kodi inabzala yokha? Munthu ali yense amabadwa napeza mitengo imene sanaibvutikire. Amene wadya za anthu amene sanawaone ayenera kusiyira anthu amene sadzawaona. Kupatsa ndi kuika.

Kabwezedwe kache

Nchito yoyamba pa tsala si kukumba maenje, koma kuyendera malowo ndi kuona chimene chikali moyo. Mitengo ya miombo iri ndi mizu yosafa msanga. Pa malo amene zitsa sizinazulidwe, chaka ndi chaka pamatuluka mphukira, koma moto, mbuzi ndi zikwanje zimazibweza. Mlimi asankhe mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chiri chonse, nachotse zinazo. Popeza muzu ndi wakale ndi wautali, mphukira zimapirira chilala kuposa mbande za ku nazale, ndipo sizifuna ndalama. Ku dziko la Niger, m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, mlangizi wina wa ku Australia, dzina lache Tony Rinaudo, anayamba kuphunzitsa njira imeneyi m'chaka cha 1983 ku dera la Maradi. Alimi anaphunzitsana okha-okha, ndipo mitengo inabwerera pa mahekitala pafupi-fupi 5 miliyoni. Dziko la Mchinji limalandira mvula yambiri kuposa Maradi.

Nchito yachiwiri ndiyo kubzala m'mipata, ndi pa malo amene zitsa zinazulidwa. Mtengo uli wonse uikidwe pa malo ache. Katope, mbawa ndi mkuyu zipite ku khwawa ndi ku mutu wa kasupe. Mthethe upite m'mphepete mwa dambo. Msuku, muula ndi mlombwa zipite pa mtunda. Bulugamu akhale kumtunda, kutali ndi chitsime ndi madimba. Nsungwi zibzalidwe m'zigwembe kuti zigwire nthaka.

Mbeu zache siziri kutali. Ziri m'mphepete mwa msitu wa manda, kumene zingatoledwe ndi chilolezo cha mfumu, ndiponso pansi pa mitengo yotsala m'minda. Njere za masuku zifesedwe msanga chipatso chitangodyedwa, pakuti zikauma zimafa, ndipo m'machubu mwache muikidwe dothi lotapa pansi pa msuku waukulu. Njere za mbawa nazonso sizisungika nthawi yaitali. Njere za msangu ndi mthethe ziri ndi khungu lolimba, lofunika kulicheka pang'ono kuti madzi alowe. Nazale iyambike m'chilimwe pafupi ndi madzi, kuti mbande zikhale zokonzeka pamene mvula yakhazikika m'Disembala kapena m'Januwale. Mbande yobzalidwa mvula iri pafupi kutha imafa ndi dzuwa la Okutobala.

Nchito yachitatu, imenenso ndi yaikulu, ndiyo kuteteza. Mdani woyamba ndi moto. Anyamata osaka mbewa amatentha tchire m'chilimwe udzu utauma gwa, ndipo moto wa tsiku limodzi umatha nchito ya zaka zitatu. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, akatswiri a nkhalango anayesa nkhani imeneyi kwa zaka zambiri kuyambira m'zaka za 1930. Anapeza kuti moto wa kumapeto kwa chilimwe umapha miombo, koma moto woyatsidwa msanga, udzu ukali ndi chinyezi, umadutsa mofatsa osaononga kweni-kweni. Chotero tsala lirambulidwe kuzungulira mvula ikangotha, ndipo ngati lifunika kutenthedwa, litenthedwe m'Meyi kapena m'Juni, madzulo, anthu alipo. Pamene mbande zikali zazing'ono moto usalowepo konse. Mdani wachiwiri ndi mbuzi ndi ng'ombe zotayirira pambuyo pa kukolola. Mdani wachitatu ndi chiswe, chimene chimakonda bulugamu wamng'ono kuposa mitengo ya makolo.

Moto ndi mbuzi sizidziwa malire a munda, chifukwa chache munthu mmodzi sangathe nchito imeneyi. Mutu umodzi susenza denga. Pafunika lamulo la mudzi lonena za nthawi yotentha, za koweta ziweto, za amene angatole nkhuni ndi bowa, ndi za chindapusa cha wolakwa. Lamulolo lipangidwe pa bwalo, amai ali pomwepo, pakuti iwo ndiwo amalowa m'tchire kawiri-kawiri. Ganizo limeneli si latsopano. Nkhalango za midzi zinayamba m'dziko lino m'chaka cha 1926, zosungidwa ndi mafumu. Lamulo la nkhalango la 1997 linapatsanso midzi mphamvu yopatula nkhalango yao ndi kusankha komiti yoiyang'anira.

Boma nalo lakhala likuitana anthu ku nchitoyi. Tsiku lobzala mitengo linayamba m'chaka cha 1976, pa 21 Januwale, m'nthawi ya Dr. H. Kamuzu Banda. Pambuyo pache tsikulo linasanduka nyengo yathunthu, yoyamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. M'chaka cha 2016 dziko la Malawi linalonjeza pamaso pa maiko ena kuti lidzakonzanso malo oonongeka okwana mahekitala 4.5 miliyoni pofika chaka cha 2030. Lonjezo limeneli ndi lalikulu, koma mahekitala onsewo ndi masala a anthu, ali yense ndi dzina la mwini wache. Ndiponso mitengo siiyenera kuwerengedwa tsiku lobzala, pamene alendo akuomba m'manja. Iwerengedwe mvula yachitatu itagwa, pakuti yokhayo imene yapulumuka ndiyo yabweza ngongole.

Yankho

Tsono funso lija layankhika. Munthu amene wadya za m'munda alibe ufulu woutaya ngati phale. Malowo anawalandira kwa makolo, madzi ache amafika kwa anansi, ndipo adzatsalira ana. Mangawa alipo, ndipo popeza chinabwerekedwa chinali nkhalango ya mitundu yambiri, chobwezedwa chikhalenso cha mitundu yambiri.

Palibe munthu angathe kubweza zonse pa chaka chimodzi, ndipo mwina m'badwo umodzi sungathe. Koma mwini ngongole sakwiya ndi munthu wobweza pang'ono pang'ono. Amakwiya ndi wokana. Mudzi umene walambula tsala limodzi, nusunga mphukira zache, nubzala katope pa kasupe ndi msuku pa mtunda, wayamba kale kubweza. Pakapita zaka, mwana wina wa pa mudziwo adzatola masuku m'mwezi wa Disembala osadziwa dzina la amene anafesa njere yache, monga momwe agogo ache anatolera osadziwa. Pamenepo mlandu wa tsala limenelo udzakhala utatha.